Tsitsi la Madala a pa Galaja

Lachisanu, 7 Juni

Mitu khumi ndi inayi lero. Magetsi anazima kawiri. Mashini aakulu ayambanso kutentha, akufuna mafuta.

Masana kunabwera mpongozi wa Madala a pa galaja. Anaima pakhomo, kulowa ayi. Anyamata onse pa benchi maso kwa iye. Akuti Madala atuluka m'chipatala Lachiwiri, patatha masabata asanu. Sitiroko. Dzanja lamanja lafa, mwendo ukukoka, mawu akutuluka movutikira. Ndinkadziwa kuti akudwala, geti la galaja lakhala chitsekere, koma sindinkadziwa kuti zafika apa.

Vuto ndi tsitsi. Madala ndi Msikhi. Chibadwire lumo silinawakhudze, kumutu ngakhale kundevu. Zaka 22 tikuyang'anizana, iwo tsidya la msewu ndi injini zawo, ine kuno ndi mitu yanga, sindinaonepo tsitsi lawo. Nduwira basi, ya buluu, yomanga ngati yochita kuumba. Tsono m'chipatala munalibe wolipesa. Masabata asanu mutu uli pa pilo, thukuta, kutembenuka. Lalukana lonse kunkhongo, lasanduka chimpira chimodzi cholimba. Pansi pake pali chilonda. Namwino amene amabwera kunyumba wati mankhwala sakufika pakhungu, ndipo akadzabwera Loweruka la sabata yamawa n'kupeza zili chomwecho, tsitsi lidulidwe. Mwana wawo wavomera kale.

Mpongoziyo wayesa yekha, tsitsi likungothothoka, Madala akungobuula. Anzawo a kukachisi akanathandiza, koma Madala akana kuti aliyense wa kumeneko awaone ali choncho. "Inu tsitsi mumalidziwa," anatero mayiyo. "Koma si kudula. Kumasula."

Ndavomera pomwepo. Zaka makumi atatu ndili pa mitu ya anthu. Palibe tsitsi linandikanapo.

Loweruka, 8 Juni

Ndinapita m'mawa ndisanatsegule shopu. Nyumba ili kuseri kwa galaja komweko. Chipinda chaching'ono, bedi lachitsulo, wilitcheya pafupi ndi zenera. Fungo la mankhwala ndi girisi. Madala girisi sadzawachoka.

Aonda. Anandiona n'kuyang'ana pansi. Mpongozi anamasula kansalu kamene kanali kumutu. Ine ndinayamba ndayang'ana kuzenera, monga umachitira munthu akamavula.

Koma ndiye tsitsi. Loyera mbuu. Kutsogolo kuli bwino. Kunkhongo chimpira chachikulu ngati mutu wa khanda. Ndinalowetsa chala pansi pake, Madala anadzidzimuka. Chilonda chilipodi, chonyowa.

Ndinati Madala, musade nkhawa, pofika Lachinayi tikhala titamaliza. Anandiyang'ana mmene ankayang'anira munthu wobweretsa galimoto n'kumati vuto lake ndi laling'ono.

Zida: mafuta a kokonati, madzi ofunda m'botolo lopopera, chipeso cha mano otalikirana, ndi chipeso chamchira chosongoka chija. Kuyambira kunsonga, osati kumizu. Ola limodzi ndi theka, ndamasula pang'ono ngati chala chachikulu.

Ndinaphonya kamodzi. Tsitsi lothothoka ndinaligwetsa pansi monga ndimachitira kushopu. Mpongozi anagwada n'kutola lonse, n'kuika m'kansalu koyera. Akuti salitaya m'bini, amalisunga n'kudzaliwotcha mwaulemu. Ine amene ndimasesa matumba awiri pa sabata. Ndamva, sindibwerezanso.

Potuluka ndinakumana ndi Wotchi, mwana wa Madala. Dzinali tinamupatsa kushopu chifukwa amangoyang'ana nthawi pamkono ngakhale ukumumeta. "Mukungowazunza," akutero. "Loweruka likafika, mudule." Si munthu woipa. Watopa, ndipo akuopa chilonda.

Za iyeyu ndilembe, ngakhale sindikonda kuzikumbuka. Ndine ndinamudula tsitsi lake koyamba. Anabwera yekha ali ndi zaka 19, nduwira ili m'chikwama, n'kuti chotsani lonse. Ine ndinangoona kasitomala. Madala anakhala miyezi itatu osandipatsa moni. Kenako tsiku lina anangodutsa msewu ndi masipanala, n'kukonza mpando wanga umene unkakana kukwera, n'kubwerera osanena kanthu. Nkhani inathera pomwepo. Sitinaikambepo mpaka lero.

Lamulungu, 9 Juni

Kutchalitchi m'mawa. Ulaliki wautali, ine maso pa nkhongo za anthu. Atatu a kwaya akufunika kubwera kwa ine msanga.

Pa chakudya ndinauza mayi a kunyumba zimene ndakhala ndikunena kalekale, kuti ukafuna kudziwa chipembedzo cha munthu usamufunse, umuyang'ane kumutu. Onse amadutsa pa mpando wanga. Asilamu, ndevu zisiye, za pamlomo chepetsa, ndipo wochokera ku ulendo wawo wopatulika amabwera ali mpala. Ahindu awiri a sitolo ya nsalu anameta mpala bambo awo atamwalira, ndine ndinawameta. Amonke achibuda ndinawaona pa kanema, mpala onse. Ife Akhristu chilichonse, bola uoneke bwino Lamulungu. Ambiri akafuna kuyandikira Mulungu amachotsako kanthu kumutu. Marasta sadula, koma iwo sapesanso. Asikhi ndi amene amati usadule, koma upese m'mawa ndi madzulo. "Ndiye n'chipembedzo chokupha iwe ndi njala," anatero mayi. Anaseka mpaka kutsamwa.

Masana kwa Madala, maola awiri. Pocheza ndinafuna kuonetsa nzeru. Ndinati Chisikhi ndimachidziwa ine, ndi theka Chisilamu theka Chihindu. Mpongozi anasiya kupinda zovala. "Inuyo ndinu theka bambo anu theka mayi anu, kapena ndinu inuyo?"

Akuti n'chipembedzo pachokha, cha zaka zoposa mazana asanu, chinayambira kumpoto kwa India. Mulungu mmodzi, wopanda chifaniziro. Aphunzitsi khumi otsatizana, ndipo womaliza anati pambuyo pake mphunzitsi likhale buku lawo lopatulika. Pa zipembedzo zikuluzikulu za dziko lapansi ambiri amachiika pa nambala faifi, koma anthu amangowasokoneza ndi ena. Kumsika akuti ena amamupatsa moni wa Chisilamu, ena wa Chihindu, iye amangoyankha onse. Anatopa n'kufotokoza.

Madala ankamvetsera. Pakona pa mlomo panagwedezeka. Ndikuganiza amandiseka.

Lolemba, 10 Juni

Ndagwira njira yake. Kunyowetsa, mafuta, kudikira mphindi khumi, kenako nsonga ya chipeso chamchira, tizingwe tiwiri titatu basi. Dzanja lamanzere kugwira kumizu kuti khungu lisakokeke. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gawo limodzi mwa atatu latheka, ndipo lomasukalo likufika pakati pa msana.

Madala akamva kuwawa sabuula tsopano. Amangonena liwu limodzi chapansipansi, Waheguru, Waheguru. Ndi mmene amatchulira Mulungu m'chinenero chawo. Chodabwitsa, madzi sangathe kutchula, dzina la mwana wawo likuwakanika, koma ili likutuluka lathunthu. Ine ndinayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi kwathu osazindikira. Sanandiletse. Aliyense ndi yake, chipeso chikuyenda.

Ndinafunsa mpongozi za chibangili chachitsulo chimene chili pa dzanja lakufalo. Akuti pali zinthu zisanu zimene Msikhi wolumbira salekana nazo: tsitsi losadula, kachipeso kamtengo, chibangili, kabudula wamkati ndi kampeni. Madala analumbira ali mnyamata. Tsitsi ndi mmene Mulungu anakupangira, suchotsako, umangolisamala. Ndinati nanga zikhadabo? Anati mudzafunse Madala akachira, funso limenelo amalikonda.

Kushopu ndatsegula mochedwa. Makasitomala awiri apita kwa uja wa pakona amene amameta ngati akutchetcha udzu. Abwerera okha. Anyamata a pa benchi akuti ndasanduka wa saluni ya azimayi. Ndawauza kuti kudula aliyense atha, ngakhale mbuzi imadula udzu, koma kumasula n'kwa odziwa. Ndati Lachinayi mudzamva. Telala wa khomo loyandikana anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Nsanje basi.

Lachitatu, 12 Juni

Ndalakwa.

Zinali bwino. Theka linatha dzulo. Tinapuma, mpongozi anabweretsa tiyi, ine ndikuwagwirira kapu. Mbali yakufa ija ndevu za pamlomo zagwa, zikulowa mu tiyi, zikudonthezera pa malaya. Kasizasi kanga kakang'ono kamakhala m'thumba la pachifuwa, zaka makumi atatu, ngati cholembera. Sindinaganize. Ndikulumbira sindinaganize. Dzanja linapita lokha. Tche, tche, kawiri.

Tinamva tonse atatu. Tindevu toyera pa thaulo.

Madala sanakuwe. Anayang'ana pa thaulo, anayang'ana ine, n'kutembenuzira nkhope kukhoma pang'onopang'ono. Ndinati pepani, pepani Madala. Ndinawagwira phewa, analisuntha. Mpongozi anapinda thaulo ndi tindevu tomweto, n'kunena kuti, "Pitani kaye."

Wodula mwana ndine, wodula bambo ndinenso. Shopu sindinatsegule. Mayi afunsa, ndati mutu ukundipweteka.

Lachinayi, 13 Juni

Tsiku lija ndinalonjeza kumaliza. M'mawa ndinagogoda, mpongozi anatuluka n'kutseka chitseko kumbuyo kwake. Madala sakudya. Sakulola munthu kuwakhudza kumutu, ngakhale iye. Lomasuka lija layambanso kupotana. Wotchi wati basi zatha, Loweruka lidulidwe. Kwatsala masiku awiri.

Madzi akatayika saoleka, ndikudziwa. Koma kukhala manja lende si ine. Ndinapita kukachisi kwawo, amati gurudwara. Kuseri kwa malo ogulitsira matabwa, nyumba yoyera, mbendera yachikasu pa mtengo wautali. Ndadutsapo kambirimbiri. Nsapato kuvula, manja kusamba, kansalu kumutu. Mpala wanga sunavalepo nsalu, lero wavala.

Ndinafunsa wotsogolera mapemphero. Anandilozera bambo wa ndevu zakuda amene amakanda ufa kukhitchini, manja ali mbuu mpaka m'zigongono. Ndinati ndili ndi mlandu. Anati mwadya? Anakana kumva ndisanadye. Tonse pansi pa mphasa, mzere umodzi. Kumanja kwanga mlonda wa pa matabwa, kumanzere bwana wina amene galimoto yake ndinaisirira panja. Mphodza ndi chapati, mbale zofanana. Akuti aliyense amadya, wa mpingo uliwonse, ndipo safunsa. Kwathu tikamadya kutchalitchi pamakhala tebulo la akuluakulu, ndipo ine ndimakhala pomwepo. Ndinadya mwamanyazi, koma ndinamaliza.

Kenako ndinafotokoza, dzina osatchula. Anati tilipo ochepa, ndawadziwa, koma sindipita mpaka atandiitana okha. Akuti wolumbira akadula mwadala amayenera kuima pamaso pa anthu asanu n'kulumbiranso. Koma zomuchitikira iye osafuna si mlandu wake. Mtima unakhala pansi. Ndinati ndiye ndikawauze zimenezo. Anapukusa mutu. "Zimenezo akuzidziwa kuposa ine. Chawapweteka n'chakuti anakuonani mukutulutsa sizasi, dzanja lawo n'kukana kudzuka."

Ine ndimangoganiza za ndevu. Ndinafunsa kuti nditani. Anati za Mulungu mukambirane naye nokha mmene mumapemphera kwanu, kwa Madala pitaninso nokha, koma ngati manja akukuyabwani mbale zilipo. Ndatsuka mbale ola lathunthu, pambali pa bwana wa galimoto uja. Satha kutsuka.

Lachisanu, 14 Juni

Pa chitseko cha shopu ndamata pepala: LERO NDI MAWA KULIBE. Masizasi onse, malumo, ndi kakang'ono kaja, ndaika m'kabati n'kupatsa mayi kiyi. Ndinawauza zonse dzulo. Sanaseke. Anangoti vala malaya opanda thumba.

Mpongozi anandilola kulowa, koma anati akakana musaumirire. Madala pa wilitcheya, nkhope kukhoma. Ndinaima pomwe angandione, ndinatulutsa matumba a buluku kunja, ndinatambasula manja. Ndinati Madala, ndilibe kanthu. Ndinalakwa, si dzanja, ndine. Ndi za mwana wanu zomwe, sindinapepesepo, ndikupepesa lero.

Kenako ndinaika sipanala yaing'ono, ya m'galaja mwawo momwe, m'dzanja lawo lamanzere, lamoyolo. Ndinati mukafuna ndisiye, menyani chitsulo cha mpandowu. Ndikapanda kusiya, menyani ine.

Anaitembenuza sipanala m'manja, kuona nambala yake. Kenako anaweramitsa mutu. Nditangogwira tsitsi, ngwe. Ndinakweza manja m'mwamba. Anadikira, anaweramitsanso. M'mawa wonse anamenya kanayi, popanda kuwawa, kungoona ngati ndiima. Ndinaima kanayi konse. Masana anadya.

Kuyambira 8 mpaka 5. Cha m'ma 3 nsonga ya chipeso inagunda chinthu cholimba pakati pa chimpira. Kachipeso kawo kamtengo. Kanali m'tsitsi tsiku limene anagwa, palibe anakaona, tsitsi lakulunga mano ake onse. Ndiko kakukanda khungu. Chatsala n'chachikulu ngati dzira, koma ntchito ili pomwepo.

Zala zatupa, msana nawo. Namwino mawa 3 koloko. Nditha.

Loweruka, 15 Juni

Ndinayamba 7 koloko. Pofika 12 dzira lija linali litachepa pang'ono chabe. Kachingwe kalikonse kazungulira dzino la chipeso kangapo, ndipo pamafunika manja atatu: logwira kumizu, logwira kachipeso kuti kasakande chilonda, ndi lomasula. Mpongozi anali atagwira mutu kuti usagwe. Ndikakoka, khungu likutsatira. Magazi pang'ono pa thonje. Madala thukuta kamukamu. Sipanala ili m'manja koma sakumenya.

Wotchi anafika 1 koloko. Anaona thonje, nkhope inasintha. Anati zakwana, bambo anga si chidole chophunzirirapo. Mbali ina amanena zoona. Analankhula ndi bambo ake m'chinenero chawo nthawi yaitali. Ndipo Madala anaika sipanala pamwendo n'kunena liwu limene tonse tinalimva bwinobwino. "Dula."

Misozi ikutsikira m'ndevu. Sankafuna ayi. Anatopa, ndipo anamvera chisoni mwana wawo.

Ndinati ndilibe sizasi. Wotchi anapita kukhitchini n'kubwera ndi yaikulu ya kumeneko, kundipatsa. Ndinaika manja kumbuyo. Ndinati Madala, mawu anu ndawamva, mutu ndi wanu. Namwino akafika n'kupeza ndalephera, zichitike. Koma nthawi yanga sinathe, ndipo dzanja langa ili ayi, ladula zokwanira m'banja muno. Mukafuna ndisiye kumasula, sipanala ili pamwendo panupo. Sanaitole.

Wotchi anati ndiye ndidula ndekha. Anaima kumbuyo kwa bambo ake, anatsegula sizasi. Ndinasuntha, si bambo anga. Mantha anandigwira, sindibisa. Anakweza tsitsi lomasuka lija kuti aone podula, linamudzaza dzanja n'kugwera m'mbali. Anaima choncho. Sindikudziwa kuti analigwira liti komaliza, mwina ali mwana. Kenako anaika sizasi pazenera n'kupinda manja a malaya. "Ndigwire pati?"

Namwino anafika 3 koloko, n'kupeza anthu atatu pa mutu umodzi. Anadandaula kuti ali ndi odwala ena, anati theka la ola basi. Anakhala ola ndi mphindi khumi, ndipo kumapeto ndi iye amathira mafuta. Kachipeso kanagwera m'dzanja la Wotchi 4 itadutsa. Chilonda poyera, chachikulu ngati chotsekera botolo. Watsuka, wapaka mankhwala, wati chipola, koma nduwira yaikulu idikire masabata awiri. Kansalu kopepuka kaye.

Ndinapesa lonse kuchokera pamwamba mpaka pansi, chipeso osakodwa paliponse. Likufika m'chiuno. Kumutu sikunadulidwe ngakhale kachingwe kamodzi.

Madala anagona tisanamalize kupukuta mafuta.

Lolemba, 17 Juni

Zala sizikupindika. Dzulo mayi ndi amene anandimangira mabatani. Shopu ndatsegula masana okha, mitu itatu, pang'onopang'ono.

M'mawa ndinapita kukaona chilonda. Chauma m'mbali. Ndinapeza Wotchi akupesa bambo ake ndi kachipeso kamtengo, akuyambira kumizu. Ndinati kunsonga, achimwene, kunsonga. Anamanga tsitsi pamwamba pa mutu, n'kukulunga kansalu. Kawiri kanamasuka, kachitatu kanagwira. Mpongozi akuti Madala alola kuti anzawo a kukachisi abwere Lachitatu.

Ndinatenga galasi langa lamanja, ntchito siitha kasitomala asanadzione. Ndinaliika patsogolo pawo. Anayang'ana nsalu. Anayang'ana ndevu. Kenako pamlomo, mbali ija. Pakuoneka, palibe chobisa, mpata ngati wa dzino loguluka. Anakweza dzanja lamanzere, anagwirapo, anasisita kawiri. Ndinkafuna kutsitsa galasi, anandigwira mkono kuti ndisatsitse. Anandiyang'ana m'galasi momwemo.

"Zimera," anatero.

Mawu anga amenewo. Ndakhala ndikuuza anthu zaka makumi atatu ndikalakwitsa, uku ndikuseka, uku ndikuwakutumula pakhosi. Ndinati ndikubwera Madala, n'kutuluka panja galasi lili m'manja. Ndinaima kuseri kwa galaja, pa matayala akale, mpaka m'maso mutauma.